Khomo Lobisika pa Chimbale cha Filomena

Zaka zija mafoni asanaphunzire kujambula anthu, pamene ukwati unkati ukatha abale n'kumadikira chimbale kuti akaonere pa deki, ine ndinali nditangopuma kumene ntchito yotayipa makalata ku ofesi ya esiteti ya tiyi. Chimbale mwachitulutsa m'sutikesicho ndi cha nthawi imeneyo. Iwe Chisomo, chigwire m'mphepete, usachigwire pamimba ngati chitumbuwa. Ndikuuzani mbiri yake, koma manja asaime, nandoloyo azisendedwa, poti simumvera ndi zala.

Filomena, amene inu mumati amayi aang'ono a ku Mzuzu, ndi mwana wa malemu mng'ono wanga, ndipo ndinamulera ndine. Atapeza banja kwa a Makwinja a ku Chonde, ndinayamba kuda nkhawa ndi chinthu chimodzi. Womulangiza anali a Muhaniwa, mng'ono wawo wa amayi anga, nankungwi wotsiriza pa mtundu wathu amene ankadziwa nyimbo zonse za chilangizo m'Chilomwe, monga anazitengera kutsidya kwa malire ali mtsikana. Anali atakalamba moti poyenda ankapumira pamtengo uliwonse, ndipo Filomena, mwana wa kusukulu, Chilomwe ankangochimva pamwambapamwamba. Ndinati mwanayu akupita kutali ku Mzuzu ndi mwamuna wake, mawu a tsiku limodzi adzawataya basi isanafike n'komwe, nanga amayiwa akatisiya tidzafunsa yani? Ndiye ndinawagwadira kuti andilole ndijambule chilangizocho.

A Muhaniwa anandifunsa kuti, "Kachitsulo kakoko kali ndi diso la mwamuna kapena la mkazi?"

Ndinati, "Diso lake likhala langa, amayi. Ndigwira ndekha."

"Ndiye umve, mwana wa achemwali. Zimenezi akadzaziona mwamuna, kapena mwana wosakula, pamaliro anga usadzapondepo."

Inu a masiku ano mumajambula ngakhale mbale ya chakudya n'kuionetsa dziko lonse, ndiye mwina simukumva kulemera kwa mawu amenewa. Ine ndinawamvetsa bwino, koma ndinavomera.

Wojambula ukwatiwo anali a Namalawa, bambo wa kashopu ka mavidiyo pa Chitakale, munthu wa nthabwala amene ankaseka asanamalize chiganizo chake. Anandibwereka kamera n'kundionetsa batani lofiira, ndipo ndinajambula chilangizo chonse m'nyumba yotseka. Iwo anajambula za kutchalitchi, za perekaniperekani ndi magule. Ukwati utatha m'pamene ndinazindikira kuti zonsezo, zawo ndi zanga, zili m'mimba mwa kamera imodzi, ndipo woti azitulutse n'kuziika pa chimbale ndi mwamuna.

Ndinafika pashopupo m'mawa asanatsegule n'komwe. Atamva nkhani yanga anaseka, nati, "Mayi, maso angawa ndi a ntchito, ali ngati a dokotala. Ndimaona n'kuiwala."

"Dokotala ali kuchipatala, a Namalawa. Inu mundiphunzitse, ndipanga ndekha."

"Kompyuta? Pa msinkhu wanuwu?"

"Pa msinkhu wanga womwewu. Makalata a azungu ndatayipa inu mukuyamwa."

Anayesa kundizembetsa, nati bwanji tipange zimbale ziwiri, china cha anthu onse, china cha amayi. Ndinakana. Chimbale chobisidwa pansi pa matiresi ndicho ana amayamba kuchipeza, inu nomwe ndinu mboni lero, ndipo mwamuna wa Filomena akanafunsa kuti chinachi n'chachiyani. Komanso chimbale wamba ukangochilowetsa mu deki chimayamba chokha osafunsa kuti m'nyumbamo muli yani. Pamenepo bamboyo anasiya kuseka, nakanda m'mutu, nati, "Ndiye mufunika menyu." Menyu, atsikana inu, ndi tsamba lija limayamba kuoneka chimbale chikalowa, lokhala ndi maina a zigawo, loti kanema sayamba mpaka munthu asankhe ndi rimoti. Ine nditamva choncho ndinati eya, ndilo khomo ndikufunalo.

Kuphunzira kwake, abale! Zala zanga zinazolowera makina otayipira ofuna mphamvu, ndiye ndikati ndidine kamodzi zinkadina katatu, masamba n'kutseguka mbwee. Kamuvi ka mausi kankandithawa n'kukabisala pakona. Chizungu ndinkachidziwa, cha makalata, koma cha mu kompyutamo chinali cha mtundu wina. Tikamaphunzira ndi mavidiyo a anthu ena, a Namalawa ankakhala pambali panga, koma ikafika nthawi yogwira za Filomena ndinkawatulutsa, n'kutchinga zenera ndi chitenje, n'kuvala zomvera m'makutu. Iwo amaima panja ngati mlendo pashopu yawo yomwe, ine ndikukuwa m'katimo kuti, "Kwabwera kabokosi kofunsa mafunso!" iwo n'kumayankha kuti, "Kakuti chiyani? Musadine, mayi, werengani kaye!" Amayi ogulitsa nanazi pafupipo anafika pomaganiza kuti tikukangana za banja.

Menyu yanga yoyamba ndinalemba maina ndi zilembo zoyera pamwamba pa diresi yoyera ya mkwatibwi, moti ngakhale ine wolemba sindinathe kuwerenga. Yachiwiri maina ankaoneka, koma ukasankha za kutchalitchi kunkatuluka magule. Zimbale zowonongekazo, zimene zinalibe chinsinsi, agogo anu aamuna ankazimangirira kudimba kuti ziziopseza mbalame, n'kumandinena kuti mkazi wawo watsegula fakitale ya zoopsezera mpheta. Ine ndinangobwerera kushopu m'mawa mwake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kenako ndinapanga ina yokongola, maina atatu ooneka bwino, nyimbo ya kwaya ikulira pansipansi, chilangizo nditachiika kumapeto kopanda dzina. Ndinabwera nacho kunyumba ndikuyenda ngati mwini esiteti, osafunsanso a Namalawa, ndipo ndinachiika mu deki agogo anuwo ali pampando. Paja amati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Magule atatha, m'malo mobwerera ku menyu, chimbale chinangopitirira chokha, ndipo ndinaona chitseko cha nyumba ya chilangizo chija chikutseguka pa sikirini. Mayo ine! Sindidziwa kuti ndinadumpha bwanji tebulo, koma ndinapezeka nditavundikira tivi ndi chitenje, dzanja lina litazula kale chingwe kukhoma. Agogo anu anangoti, "Kodi tivi yazizidwa?" Chimbalecho ndinachithyola n'kukachiponya kuchimbudzi, ndipo mtima sunakhale m'malo mpaka madzulo.

M'mawa mwake ndinakafunsa modzichepetsa, ndipo ndinaphunzira kuti chigawo chilichonse umachiuza kopita chikatha, apo ayi chimalowa m'nyumba ya eni ake ngati mbuzi. Ndinazimanga zonse kuti zizibwerera ku menyu. Tsiku lomwelo a Namalawa anandiuza, ali kuseri kwa chitenje, kuti batani likhoza kukhalapo koma losaoneka, lopanda dzina, loti wolipeza ndi yekhayo wodziwa kuti rimoti aiyendetse motani. Ndinawomba m'manja ndekha m'kashopumo, chifukwa mwambo wathu umayenda choncho kumene: njira yake imauzidwa pakamwa, kwa woyenera, pa nthawi yake. Iwe Tadala, usatsegule pakamwa, ndikudziwa chimene ukufuna kufunsa. Malo a batanilo sindikuuzani. Mudzauzidwa tsiku lanu likadzakwana.

Lamulungu loonera chimbale linafika. Tinapita ku Chonde kwa a Makwinja, a Muhaniwa titawakweza pa njinga yamoto atagwiridwa kumbuyo, chifukwa anati akufuna akadzionere okha ngati ndasunga mawu. Pabalaza panadzaza, amuna pamipando, ife pamkeka, ana m'mawindo. Ine ndinkaganiza kuti rimoti andipatsa ine wopanga, koma a Makwinja, apongozi ake a Filomena, bambo wokonda kuoneka amene jekete sankavula ngakhale mu Okutobala, anaigwira okha ngati ndodo ya ufumu.

Anaonera za kutchalitchi, anthu akuseka akadziona, ndipo chimbale chinabwerera ku menyu bwinobwino. Anaonera perekaniperekani, chimodzimodzi. Koma bambowo sanali munthu wokhazika chala. Anayamba kudinadina uku akulankhula ndi anzawo, pansi, pamwamba, kumbali, ndipo mwadzidzidzi kuwala kuja kumaonetsa dzina losankhidwa kunasowa pa maina onse atatu. Amayi amene ankadziwa za khomo lobisika anasiya kupuma. Filomena anazyolika. A Muhaniwa anandigwira pamkono apa, zikhadabo zawo zinasiya zizindikiro mlungu wathunthu. Tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo, ndipo mtengo tsiku limenelo unali ine.

A Makwinja anati, "Kodi karimotika kafa?" Anakamenya pachikhatho, anatulutsa mabatire n'kuwaluma pang'ono monga amachitira amuna onse, nawabwezera, kenako anadina batani lapakati lija lotsegulira.

Sikirini inada. Ine sindinadziwe chimene chituluke, pakuti zimene ndinakonza ndinali nditaziyesa pa deki yanga yokha, ndipo madeki a nthawi imeneyo aliyense anali ndi mutu wake.

Kenako anatulukira a Makwinja eni ake, atadzaza sikirini yonse, akuvina pa ukwati jekete ili m'mwamba, miyendo ikuchita zosayenera msinkhu wawo, pansi pake palembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti Bambo a Mkwati. Mwaona? Nyumba ya chilangizo sikhala yopanda mlonda pakhomo. Ine kuseri kwa khomo loyamba ndinaikako tsamba lina, ndipo khomo lenileni lili pa tsamba limenelo, lobisikanso. Ndinadzifunsa kuti mwamuna akasochera n'kufika apa, n'chiyani chingamuimitse kuti asapitirire? Ndinapeza kuti palibe choposa nkhope yake yomwe.

Pabalaza panaphulika chiseko. Bambowo anaimirira, nati, "Taonani! Anandibisira! Koma ine ndazipeza ndekha!" Anadzionera, nabwereza, naitana aneba kuti adzaone, ndipo mpaka lero akakumana nane pamsika amauza anthu kuti mayi awa ndi amene anandiika pa kanema. Kuti pa tsambalo pangakhalenso china, sizinawafikire m'mutu n'kamodzi komwe.

Dzuwa litapendeka amuna anatuluka kupita kokacheza, ana tinawathamangitsira kubwalo, ndipo mayi wina anakhala pakhomo ndi lichero ngati akupeta. Tinatseka mawindo. Ndinatenga rimoti ija, ndinadutsa a Makwinja akuvinabe, n'kutsegula khomo lachiwiri. A Muhaniwa anasendera pafupi mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Anadziona, anadzimva akuimba, ndipo milomo yawo inkatsatira mawu mwakachetechete. Filomena ankalira, ine ndinkalira, koma iwo ayi. Itatha nyimbo yomaliza anati, "Nkhalamba imeneyi ikudziwa kulangiza. Ndi ya kwa yani?" Tinaseka misozi ili m'masaya.

Atatero anatembenukira kwa ine. Mudziwe kuti moyo wanga wonse amayi amenewa ankandinena kuti chiuno changa chinaumira pampando wa mu ofesi, kuti pa zamwambo ndine mlendo. Koma tsiku limenelo anandigwira dzanja pamaso pa amayi a mbali zonse ziwiri, nati, "Ine ndinkasunga mwambo m'mutu, ndipo mutu ukupita kudothi. Uyu wausungira m'nyumba ya zitseko ziwiri. Pamaliro anga, iwe ndiwe udzandisambitse."

Ndipo ndinawasambitsadi, mvula yotsatirayo. Ndakhala ndikuyamikiridwa ndi mabwana chifukwa cha makalata opanda cholakwa, koma palibe chimene ndimanyadira ngati chimenechi, ndipo sindibisa.

Lero deki yoti muonerepo chimbalechi muchita kuifunafuna, ndipo a Namalawa anasiya zimenezo, akugulitsa mafoni. Inu zinthu zanu n'zapafupi, chala chimodzi basi dziko lonse laona, ndipo sindikuti n'zoipa, ine ndemwe ndinaphunzira makina imvi zili mbuu, choncho wina asadzakuuzeni kuti mwachedwa kapena kuti si za akazi. Koma musanajambule munthu, ana anga, muziyamba mwadzifunsa kuti adzaone ndani, ndipo khomo lake lili pati. Munthu akakulolani kuti mumujambule ndiye kuti wakusungitsani ulemu wake. Bweretsa kuno chimbalecho, Chisomo, ndichikulunge. Chikudikira iweyo.