Matayala Aakulu pa Manda a Esinati

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Aleluya! Abusa, akulu a mpingo, amayi a chigwirizano, ndakulonjerani nonse. Ambiri mumandidziwa kuti Bambo a Lute, mdala womata matayala pansi pa mtengo, pafupi ndi pokwerera makombi ku Mvurwi kuno. Ndine amene. Lero ndati ndiime ndinene. Koma ndikuuzirenitu, umboni wanga si wotsekemera. Amene mukudikira kumva kuti ndinagula nyumba, pepani.

Ine ndinabadwira pa pulazi. Bambo anga anachoka ku Dedza ali mnyamata, anakalambira mu fodya wa mzungu. Malawi ine ndimangomumva pa wailesi. Kwathu ndi ku komboni. Ndinakulira mu wekishopu, kukonza mathirakitala ndi mapampu. Minda itagawidwa, mzungu anapita, kunabwera mwini wina. Ife tinatsala pomwepo ngati zitsa. Anzanga anasanduka a maricho, ganyu lero, mawa kulibe. Ine anandisunga chifukwa cha sipanala.

Mkazi wanga anali Esinati. Wopemphera m'nyumba mwathu anali iye. Ine ndinkangomuperekeza, n'kuthera pakhomo pa tchalitchi. Anadwala chifuwa, anatisiya. Tinamuika ku manda a antchito, kuseri kwa mabulugamu, kumene anagona bambo anga ndi onse aja ochokera ku Malawi ndi ku Tete. Mwala wa pamanda ife tingautenge kuti? Ndinatenga disiki yakutha ya pulawo, ndinawotchererapo dzina lake ndi manja angawa, n'kuizika kumutu.

Manda aja anali pa malo abata. Mbali ino kuli khwawa lakuya, la miyala. Mbali inayo kuli damu. Galimoto iliyonse yopita ku damu inkazungulira kutali, njira ya ku mabani a fodya. Khwawa lija ndilo linali mpanda wathu. Sitinamange ife. Anatimangira Mulungu.

Ndiye kunabwera mwana wa mwini pulazi kuchokera ku Harare. Dzina lake Tinashe. Anabwera ndi galimoto ija yokoka ndi matayala onse anayi. Kumbuyo kwadzaza makatoni a zipangizo za galimoto. Anandiitana.

“Achimwene, mota iyi ndikufuna ikwere. Izipita paliponse.”

Mukudziwa mmene amatiitanira kuti Achimwene kuno. Si ubale ayi. Munthu wa msinkhu wa mwana wanga! Koma ndinati, “Chabwino, shefu.” Wantchito amati chabwino.

Abale anga, ndinaigwira ntchito ija. Ndinaikweza pa majeke. Ndinachotsa masipuling'i akale, ndinaika ataliatali. Ndinaika mashoko atsopano. Mapaipi a mabuleki anafupika, ndinaika ena aatali. Matayala anali ofika m'chiuno mwangamu, mano ake ngati a thirakitala. Pokhota ankakhula ku madigadi, ndiye ndinacheka madigadi ndi galainda. Itatsika pa majeke, munthu unkachita kugwira chitseko n'kudzikoka kuti ukwere. Ndinganame bwanji m'nyumba ya Mulungu? Ndinanyadira. Ndinaizungulira ndikumwetulira ngati ndabereka mwana.

Loweruka Tinashe anatenga anzake, mowa ndi nyama yowotcha, ulendo wa ku damu kukawedza. Sanazungulire ku mabani. Azungulirenji? Analunjika mu khwawa. Galimoto inatsika. Inakwera kutsidya ikubangula. Amayi otola nkhuni ndiwo anabwera kudzandiuza. “Bambo a Lute, galimoto yanu ija yadutsa kumanda.”

Galimoto yanu! Mwamva? Yanu!

Ndinapita kukaona. Mapazi a matayala anali m'mphepete, pa manda akalekale, a anthu omwe abale awo anabalalika. Ndinati mwina sanaone, udzu ndi wautali. Ndinadzitonthoza choncho.

Kenako mvula inabwera. Inu oyendetsa galimoto mukudziwa. Tayala lalikulu limakumba. Pamene ladutsa lero, mawa pali ngalande yamatope. Woyendetsa safuna kutitimira, ndiye amasendera pambali pang'ono, pouma. Pamenepo napo pakumbika. Asenderanso. Abale, njira inayamba kuyenda! Loweruka lililonse inkasendera. Inadya manda a Sekuru Juwawo. Inadya a mwana wa a Phiri. Mbale ndi makapu amene timaika pamanda zinaphwanyika, zinalowa m'matope. Inkabwera kwa Esinati. Ndinkaiona ndi maso anga ikubwera.

Ndinapita kwa Tinashe. Ndinavula chipewa. Ndinagwada, ine wa imvi.

“Shefu, mukudutsa muja muli anthu. Muli mkazi wanga. Chonde, zungulirani ku mabani.”

Anali pa foni. Sanaichotse n'komwe kukhutu.

“Mudhara, pulazi ino ndi ya bambo anga. Manda anu si ali ku Malawi? Aliyense ali ndi kumusha kwake. Tengani anthu anu muwapititse kwanu.”

Kwathu! Kwathu kuti? Mchombo wanga unagwera pa komboni imeneyo. Msana wa bambo anga unathera m'mizere imeneyo. Dziko lonseli ife tilibe ngakhale poponda nkhuku. Tili ndi maenje aja basi, kuseri kwa mabulugamu. Ndiye awonso akuti ndi obwereka.

Loweruka lotsatira tayala linadula manda a Esinati kumiyendo. Disiki ija inapindika. Ndinakhala pansi m'matope. Sindinalire. Mtima unauma gwa.

Tsopano mvetserani, chifukwa apa ndi pamene Satana anandipeza. Galimoto ukaikweza, ikayendayenda, mabawuti amafuna kumangidwanso. Lolemba Tinashe anaibweretsa ku wekishopu. “Achimwene, ikulira kunsiku. Ionereni.” Anaponya makiyi, anapita.

Ndinalowa pansi pake, dzuwa lili pamutu. Ndinagona chagada. Kunsi konse kunali kutamatirira dothi lofiira. Ndinagogoda ndi sipanala, dothi linandigwera kumaso, lina mkamwa. Ndinalidziwa dothi limenelo. Ndinalikumbapo ndekha ndi khasu.

Pamwamba pa nkhope yanga panali nati yogwira chitsulo cha chiwongolero. Ndi yaing'ono, abale. Koma ukaimasula pang'ono, galimoto yaitali chonchija ikamatsika mu khwawa, basi. Palibe amene akanadziwa. Akanati mowa. Sipanala inalowa yokha pa nati ija. Mawu ankati, “Masula. Wakupondera mkazi. Masula!” Dzanja linayamba kukoka. Nati inalira, kwee.

Yesu!

Mukuganiza kuti ndinaona mngelo? Ayi. Ndinamva Esinati. Osati mzukwa, musandimve molakwa. Ndinakumbukira mawu ake. Masiku aja ndikapsa mtima n'kufuna kumenya munthu kumowa ku bhawa, ankandigwira pamkono n'kunena motsitsa, “Bambo a Lute, manja awa ndi odyetsa ana.” Mawu omwewo. Ndinati, Ambuye, ndikamasula apa, ndidzakagona bwanji pafupi ndi mayi uja? Adzandilandira ndi manja otani?

Ndinatembenuza sipanala. Ndinamanga. Ndinamanga nati ija ndikulira ngati mwana. Ndinamanga mabawuti onse, limodzilimodzi, kuti galimoto yopondera mkazi wanga iyende bwino. Ngati pali chinthu chowawa kuposa chimenecho, ine sindinachilawe.

Madzulo ake ndinapita kwa Mayi Nabanda, awo akhala apowo, mtsogoleri wa amayi. Ndinalowa m'nyumba mwawo ndi ovolosi yamatope. Ndinawauza zonse, ndi za nati zomwe. Sanandilalikire. Anangoti, “Bambo a Lute, kumanda kuja kwamera thengo. Loweruka tikalambule.”

Loweruka m'mawa anabwera. Amayi ovala yunifomu, makasu paphewa, matsache m'manja. Azibambo a maricho anasiya ganyu, tsiku losadya limenelo. Tinalambula. Tinadzutsa madisiki ogwa. Tinaunjikanso dothi pamene tinkakumbukira kuti pagona munthu. Dzuwa litakwera tinamva kubangula mu khwawa.

Mayi Nabanda anati, “Aliyense akhale pa m'bale wake.”

Tinakhala pansi. Amene analibe m'bale anakhala pa manda a anthu oiwalika aja. Ine ndinakhala pa Esinati, kumiyendo, podukapo. Amayi anayambitsa nyimbo ya maliro.

Inatulukira. Abale, ukakhala pansi galimoto ija ndi phiri. Inabwera mpaka ndinamva kutentha kwa injini. Bampala inali pamwamba pa mutu wanga. Ndinkaona mabawuti anga omwe ndinamanga. Hutala! Hutala! Koma sindinasunthe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Tinashe anatulutsa mutu. “Ibvai apo! Chokani!” Amayi anangokweza nyimbo.

Ndikanakonda kukuuzani kuti mtima wake unasweka, anatsika, anagwada. Bodza. Sanatsike. Mtsikana wina amene anali naye kutsogolo anatulutsa foni, anayamba kutijambula. Tinashe anamukalipira. Mtsikana sanasiye. Ndiye anaona kuti mawa dziko lonse limuona akuponda amayi a tchalitchi. Sanaope Mulungu. Sanaope akufa. Anaopa foni. Koma Mulungu wathu, amene anayankhulitsa bulu, angalephere foni? Giya inalira. Galimoto inabwerera chambuyo mpaka mu khwawa. Aleluya!

Musafulumire kuwomba m'manja. Lolemba Tinashe anandichotsa ntchito. Anati ndine woyambitsa chipolowe. Anandiuza kuti nyumba ya ku komboni ndi ya antchito, ndichoke. Nyumba yomwe ndinabadwiramo! Ndinatuluka ndi bulangeti, mapoto a Esinati ndi bokosi la masipanala. Ku wekishopu analemba wina tsiku lomwelo.

Mwana wanga Lute anandilandira kuno, m'chipinda chimodzi ndi ana ake. Inu a mpingo uno munasonkherana, munandigulira pampu ndi zigamba. Ndi zimene ndikudyera. Ndimamata matayala a makombi, a ngolo, a mawilibala. Tsiku lina ndimapeza, tsiku lina ndimangopirikitsa ntchentche. Nthawi zina galimoto ija imadutsa pa msewu, yaitali, yonyezimira. Anyamata amaiimbira mluzu. Ine ndimayang'ana pansi.

Abusa amandiuza kuti ndikhululuke. Ndikuyesa, Abusa. Sindinafike. Ndikati ndafika ndiye kuti ndanama pa guwa. Mundipempherere.

Koma ndikuthokoza. Ndikuthokoza kuti manja awa alibe magazi. Taonani, ali ndi girisi, ali ndi zipsera, koma magazi alibe. Ndikuthokoza kuti ine amene ndinkathera pakhomo pa tchalitchi, lero ndili mkati. Ndikuthokoza amayi awa amene anakhala m'matope ndi yunifomu zoyera chifukwa cha mkazi wa mnzawo. Mulungu akudalitseni, amayi.

Ku damu Tinashe ndi anzake amapitabe. Mu khwawa amadutsabe. Koma akafika pa mabulugamu njira imakhota, imalambalala. Esinati akadali pomwepo. Kuti ndikamuone ndimapempha kwa mlonda wa pa geti, ngati mlendo. Tsiku lina amalola, tsiku lina amati shefu alipo, bwererani. Ndipo mvula ikagwa ndimasowa mtendere, chifukwa ndimadziwa mmene njira imayendera.

Ndiye ndili ndi pempho limodzi, ndikulinena pamaso pa mpingo wonse kuti pasadzakhale wokana. Tsiku langa likadzafika, musadzandiike ku manda a khonsolo kuno. Mudzandinyamule mpaka ku pulazi. Akadzatseka geti, mudzaimbe mpaka atsegule. Mukadzafika kuseri kwa mabulugamu, mudzakumbe pambali pa Esinati, mbali ya ku njira. Tayala likadzabweranso, lidzayambe ine.

Ambuye akusungeni nonse. Ameni.