Mbale Yanga ya Maluwa Ofiira

Ine, Lister Chimbalanga, wa zaka 46, wa m'mudzi mwa Kanyimbi, Mfumu Yaikulu Njolomole, boma la Ntcheu, amene pano ndikukhala ku Santry mumzinda wa Dublin ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Swords, ndikupereka umboniwu m'Chichewa, womasulira ali pambali panga, poti sindikufuna kuti Chingerezi changa chidumphitse kanthu.

Ndimakhala mu fulati nambala 14, pansanjika yachitatu. Chitseko cha nambala 15 chinayang'anizana ndi changa. Pakati pake pali mapazi anayi, ndinachita kuwerenga.

Lolemba pa 3 March 2025 mu 15 munalowa anthu atsopano. Kuno munthu amatha zaka khumi osadziwa dzina la woyandikana naye, koma ine ndinaleredwa ku Ntcheu. Lachiwiri cha m'ma 4 koloko madzulo ndinakazinga mandasi, kuika asanu ndi atatu m'mbale yanga yachitsulo ya maluwa ofiira, yachivindikiro, imene ndinachoka nayo kwathu, n'kukagogoda.

Anatsegula ndi mayi wa ku China wa zaka ngati 50. Anati dzina lake ndi Linda. Atavundukula mbale anakwinya nkhope n'kunena kuti iye zamafuta sadya, apatsa mwana wa mchimwene wake. Kumbuyo kwake ndinaona mtsikana wa zaka ngati 25, wosavala nsapato. Pamkono wake wamanzere panali timabala takuda tinayi tondondozana. Ntchito yanga ndi yosambitsa anthu, ndimasiyanitsa bala la kugwa ndi bala la zala za munthu. Linda anati mtsikanayo ndi wapasukulu, wamanyazi.

Wapasukuluyo sindinamuonepo akutuluka ndi buku ngakhale limodzi. Amene ankalowa anali amuna, mmodzimmodzi, aliyense kuyamba wayang'ana foni asanagogode. Lachitatu sindinapite kuntchito, ndipo ndinawerenga amuna asanu ndi awiri kuyambira 10 koloko m'mawa kufika 5 koloko. Linda akamatuluka ankakhoma chakunja kawiri, m'katimo munthu akutsokomola.

Lachinayi pa 6, cha m'ma 6 koloko madzulo, mtsikanayo anabweza mbale muli malalanje atatu. Ndinasangalala kuona kuti nakonso kwawo mbale sibwerera yopanda kanthu. Linda anali ataima pachitseko chawo, manja atapinda pachifuwa. Ndinafunsa mtsikanayo ngati ali bwino. Anati, "I am okay." Ndinamukhulupirira, ndipo pamenepo ndiye ndinapusa. Mulembe choncho, sindibisa.

Lachisanu kuntchito ndinkapesa tsitsi la Mayi Furlong, mayi wa kuno wa zaka 95, wapakamwa pakuthwa, amene anabadwira ku Hong Kong nthawi ya atsamunda. Ndinawafotokozera zonse, n'kumaliza ndi kuti mwini wake wanena yekha kuti ali bwino. Anandilanda chipeso n'kufunsa kuti, "Nanga azakhali akewo anaima pati?"

Kenako anandiuza za bambo awo. Akuti ankagwira ntchito mu ofesi ya atsamunda yolemba mayina a atsikana a m'nyumba zauhule ndi kuwapatsa makhadi, ati pofuna kuwateteza kwa ogulitsa anthu. Mtsikana aliyense ankafunsidwa ngati wabwera mwakufuna kwake. Onse ankavomera, poti mwini nyumba amene anawalowezetsa yankholo ankakhala pabenchi kumbuyo kwawo. Bambowo ankadinda khadi, mtsikana n'kubwerera ndi yemwe uja anamugula. Akuti mpaka imfa yawo ankadandaula za chidindo chimenecho. Mayi Furlong anati, "Lister, funso lako linali labwino, koma unalifunsa ngati bambo anga." Mawuwo anandiwawa tsiku lonse.

Loweruka pa 8 ndinakazinganso mandasi. Ndinalemba uthenga pafoni, foni n'kuutembenuzira m'Chitchaina, ine n'kukopera zilembozo papepala ndi bolopeni. Zinanditengera mphindi 40 ndi mapepala asanu, ine amene sukulu ndinalekezera Folomu 2. Uthengawo unkati: ngati akukusunga mokakamiza, ubweze mbale yopanda kanthu. Ndinapinda pepalalo n'kuliika pansi pa tishu woyamwa mafuta, podalira kuti Linda zamafuta sazikhudza. Analandira ndi Linda yemweyo. Lamulungu lonse mbale sinabwere, ndipo kutchalitchi ulaliki unangondidutsa.

Lolemba pa 10 ndinali wa shifiti yamasana. Nthawi ya 9:05 m'mawa ndinamva chitsulo chikuikidwa pansi pakhomo panga. Nditatsegula, chitseko cha 15 chinali chikutsekeka, ndipo Linda anali ku lifiti, kumapeto kwa kolido, akukankha masutikesi awiri. Mbale inali pamapazi anga, yotsukidwa bwino, yopanda kanthu, yopandanso chivindikiro. Kwathu mbale yotero ndi chipongwe. Ine ndinaitola n'kulowa nayo.

Ndivomere kuti ndinaima ndi foni m'manja mphindi khumi. Ndinakhala zaka zisanu ndi chimodzi ku hositelo ya anthu opempha malo othawirako, ndipo munthu wotero saitana yunifolomu ya polisi dala. Koma nditasuzumira pawindo ndinaona galimoto yakuda, imene nambala yake ndakupatsani kale, buti ili yotsegula. Ndinadziwa kuti Linda akapita naye mtsikanayo lero, sindidzamuonanso. Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Ndinaimba nthawi ya 9:15.

Apolisi awiri, wamwamuna ndi wamkazi, anafika 9:35. Dalaivala wa galimoto ija atawaona ananyamuka ndi masutikesi omwe. Apolisiwo anagogoda pa 15. Linda anatsegula akumwetulira, mtsikana ali pambali pake atavala kale jekete yapaulendo. Wapolisi wamkazi, Garda Tighe, anafunsa mtsikanayo ngati pali amene akumukakamiza kukhala pamenepo. Yankho linali lomwe lija: "I am okay." Mapasipoti onse awiri anatuluka m'chikwama cha Linda. Garda Tighe anabwera pamene ndinaima n'kundiuza chapansipansi kuti munthu wamkulu akanena yekha kuti ali bwino, iwo sangangomunyamula.

Pamenepo ndinakweza mawu ngati mayi wogulitsa kachewere pamsika wa Tsangano. Ndinati, "Ine za okay sindikuzidziwa, ndikufuna chivindikiro changa! Mbale imeneyi ndinachoka nayo ku Malawi!" Linda anati akatenga yekha. Analowa kukhitchini, wapolisi wamwamuna akumuyang'ana, kutsegula makabati onse, osachipeza. Anati andigulira china. Ndinakana. Ndinati amene anadya mandasi ndiye abweretse chivindikiro, ndipo akachiike yekha patebulo panga, poti ndiwo mwambo wakwathu. Mwambo umenewo kulibe, ndinaupeka pomwepo. Zimenezonso mulembe.

Mtsikanayo anatsitsa zipi ya jekete. Chivindikiro chinali pachifuwa pake, anachibisa dala. Linda anamulankhula mothamanga m'chilankhulo chawo, mawu amene sindinawamve. Mtsikanayo sanacheuke. Anayenda mapazi anayi aja. Garda Tighe, amene si munthu wogona, anamutsatira, mnzake n'kuima kutsogolo kwa Linda. Ndinatseka chitseko changa n'kukhoma kawiri, cham'kati.

Garda Tighe anaimbira womasulira n'kuika foni patebulo. Anafunsa funso lomwe anafunsa pakhomo paja. Mtsikanayo anayang'ana chitseko, kenako ine, kenako anayamba kulankhula, ndipo sanasiye mpaka 10:50. Anati dzina lake ndi Shufen. Anati kwawo anamulonjeza ntchito ya mu lesitilanti, ndipo fulati 15 ija inali yachisanu m'miyezi itatu. Zina zimene ananena si zoti ine ndibwereze. Ndinamuphikira tiyi, anamwa makapu awiri. Linda anatengedwa ndi apolisi ena nthawi ya 11:10.

Asanatuluke ndi Garda Tighe, Shufen anaima patebulo pamene panali mbale. Anapisa m'matumba onse a jekete, munalibe kanthu. Ndiye anachotsa kachopanira tsitsi kobiriwira kumutu kwake, kukaika m'mbalemo, n'kuvindikira.

Masana kuntchito ndinauza Mayi Furlong. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, kenako anati tsitsi ndapesa mokhota ndipo mawa ndiwabweretsere mandasi.

Ndikunyadira, ndipo sindichita manyazi kunena. Zaka zonsezi ndinkadutsa kutali ndi nyumba ya polisi ngati ino, koma lero ndalowa ndekha pakhomo lalikulu, osaitanidwa kawiri. Mapepala anayi amene ndinalakwitsa pokopera aja ndakupatsani. Mbale, chivindikiro ndi kachopanira tsitsi mwazitenga ngati umboni. Ndikupempha kuti mlandu ukatha mundibwezere zonse zitatu, kachopanirako kali m'kati momwemo, poti mbale yanga sinabwerere yopanda kanthu.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi. Zotsalazo anena mwini wake. Womasulira wandiwerengera umboniwu ndipo ndi mawu anga.

Wosayina: Lister Chimbalanga
Lachiwiri, 11 March 2025