Dontho Limodzi M'kati mwa Kolala

"Mwana wanga anandifunsa kuti, 'Kodi agogo ankanunkhira bwanji?'"

Ananena izi mayi wina pamzere wodikira basi, kuuza mayi wachikulire amene anali patsogolo pake.

"Pepani, ndakhala ndikukununkhizani ngati mphaka. Perefyumu mwadzolayi ndi imene ankadzola malemu mayi anga. Ndazungulira masitolo onse, akuti anasiya kalekale kuipanga."

"Ine ndimati ndi wopisa m'thumba! Anasiyadi. Botolo langa ndi la paukwati wanga, yangotsala ya pansi. Ndimalibisa m'sutikesi, lisaone dzuwa."

"Fungo laulemu bwanji! Osati zamakonozi, zofika m'nyumba mwiniwake akadali panjira."

"Chinsinsi n'chakuti osadzola pakhungu, mwanangu, thukuta limaidya. Dontho limodzi m'kati mwa kolala, sabata yatha."

"Mundigulitseko pang'ono pokha, mwanayo amve."

"Sindigulitsa. Mumatsikira pati?"

"Pa sukulu, nyumba ya geti lobiriwira."

"Agalu ondisowetsa tulo aja ndi anu? Ine ndimakhala kuseri kwa mpanda wanu! Mawa mubwere naye mwanayo, mutengenso mpango wa mayi anu. Ndidonthezapo dontho limodzi, likhale la mwanayo."

"Tibwera, amayi. Agalunso ndiwasamutsira mbali inayo."