Mbiri ya malemu a Odi Pakhomo

Ayi Elina usandikalipire kkkkk sindinanyoze maliro ine, taima ndikuuze. Mesa ukudziwa kuti chitsekereni bizinesi ija achimwene a Sadik sakutuluka kuchipinda, chikwama analongedza kale ati Lachisanu akwera basi ya ku Joni. Amayi akungolira, paja ababa anapita komweko ine ndili sitandade 3, mpaka lero zii. Nde dzulo anyamata a pa bizinesi aja, a Blackson, a Ibrahimu ndi a Jeremiya, anabwera kudzabweza njinga, amayi anaphika mpunga, koma aliyense ndwii pakhonde ngati pasiwa. A Blackson akuti nanga maliro opanda mbiri munawaona kuti? Ife Asilamu sitiwerenga zimenezo, ndinangoonera pa maliro a amalume ako aja ku Nkopola. Ndinalemba mbiri ya bizinesiyo pafoni changuchangu n'kukaiwerenga nditaima pafupi ndi windo la achimwene kuti amve bwino. Ndi iyi, moseka ndasiya momwemo.

Akuluakulu a njinga, amayi ndi abambo nonse, pepani ndaima pamaso panu mwana wamng'ono.

Malemu a Odi Pakhomo anabadwira kwa Mponda pa 14 Malichi 2022, pakhonde lomwe mwakhalapoli. Kholo lawo ndi a Sadik, amene nthawi imeneyo anali atamaliza maphunziro a kompyuta koma ntchito osaipeza. Malemuwa anabadwa onyentchera, foni imodzi yosweka galasi ndi njinga ziwiri zobwereka. Ntchito yawo inali yoti iwe ukhale kunyumba, udine pafoni kuti ndikufuna tomato, anyezi, shuga, chambo, iwo akakugulire kumsika n'kukubweretsera. Dzina anawapatsa ndi amayi anga, poti a Sadik ankafuna lachizungu, amayi akuti nanga ine ndizilitchula bwanji kwa anzanga.

Sukulu yawo inali yovuta kkk. Chaka choyamba anaphunzira kuti kuno munthu sanena nambala ya nyumba, amangoti mukafika pamjigo mufunse kwa make Dinala. Anaphunziranso kuti ukapeza anthu akudya, akulu akati sambani m'manja sungakane. A Ibrahimu tsiku lina anapita kukasiya nsomba ku Nkopola, khomo lililonse amakhala pamkeka n'kudya, ya khomo lomaliza inafika ikununkha. A Ibrahimu ndi awo apo, musawaseke, ananenepa chifukwa cha ntchito.

Mu Juni 2023 malemu anapeza banja. Anakwatirana ndi anthu a ku Joni. Abambo ndi anyamata athu amene ali kumeneko anamva kuti angathe kudina pafoni ali konko, katundu n'kufika kwa mayi awo ku Lungwena tsiku lomwelo, kenako iwo n'kulandira chithunzi mayi atakumbatira botolo la mafuta ophikira akumwetulira. Ee koma banja linakoma! Njinga zinachuluka, tinachita lendi kashopu pafupi ndi msika. Ine ndinakwezedwa kukhala woyankha foni ndikaweruka kusukulu, ndinkati Odi Pakhomo tikuthandizeni, mawu ngati a pawailesi kkkkk. Pa Ramadhani ya 2024 foni inkatentha ngati simbi. A Jeremiya anafolera nyumba yawo ndi malata. A Blackson anakwatira, ukwati weniweni uwu, akazi awo ndi awo akubisa nkhopewo.

Matenda anayamba mu Ogasiti 2024, ndipo anabwera ngati chitukuko. A Sadik anati kampani yeniyeni iyenera kuoneka. Anapenta mabokosi onse a panjinga chikasu chowala choti uli tsidya la Shire ukuchiona, n'kuika belu pa njinga iliyonse. Njinga ikangolowa m'mudzi ana onse pambuyo, odi odi odi, mpaka pakhomo la mwini katundu. Ife tinkaona ngati tatchuka.

Mu Okutobala chaka chomwecho mayi Mwanamvua a ku Lungwena anabwera okha kushopu, thukuta kamukamu. Anati mwanangu, shuga wanu uja sagona m'nyumba. Njinga isanatembenuke n'komwe apongozi atuma mwana ndi kapu, alamu afika ndi botolo, aneba ati tangobwera kudzakuonani. Ndikana bwanji poti aliyense waona? Katundu wa mwezi amatha tsiku lomwelo, mwana wanga ku Joni akuti amama mukudya bwanji chonchi. Kwa a mitala nde musanene, bokosi likaima kwa wamng'ono, wamkulu amaimba foni ku Joni njinga isanachoke kkkk. Amayi ambiri anayamba kuuza amuna awo ndi ana awo kuti tumizani ndalama pafoni basi, foni siliza belu, ndikagula ndekha n'kubisa m'chitenje.

Apa achibale tiyenera kunena zoona, malemu anapatsidwa mankhwala olakwika. Kholo lawo silinamve za mayi Mwanamvua. Linati vuto ndi loti anthu sakutidziwa mokwanira, n'kukagula chimkuzamawu. Inde, chimkuzamawu. A Blackson ankalowa m'mudzi chikukuwa kuti Odi Pakhomo tafikaaa, amayi n'kumatseka zitseko ngati kwabwera okhometsa msonkho. Pepani ndiseke kaye kkkkkk.

Kuyambira Januwale 2025 malemu anayamba kuwonda. Njinga zinkangotsamira khoma, anyamata n'kumasewera bawo. Mu Epulo tinachoka kushopu kubwerera pakhonde pano. Pa 30 Meyi 2025, Lachisanu, foni sinalire tsiku lonse kupatula munthu wina amene analakwitsa nambala, ankafuna wometa. A Sadik atabwerako ku mzikiti anaizimitsa okha. A Odi Pakhomo anatisiya ali ndi zaka zitatu.

Malemu asiya njinga, zina zabwino zina zongoyenda ndi pemphero. Asiya mabokosi achikasu, limodzi nkhuku ya amayi ikuikiramo kale. Asiya a Blackson, a Ibrahimu ndi a Jeremiya, amene akudziwa khomo lililonse kuchokera kwa Mponda mpaka ku Lungwena, ndi agalu ake omwe. Asiya ine Zakia, amene kale ndinkabisala mlendo akandipatsa moni. Asiyanso kholo lawo, lomwe lili kuseri kwa windo ili, ndipo tikulifuna kunja kuno, osati ku Joni.

Tikuthokoza amayi a kumsika amene ankatiikira basela ngakhale masiku oipa. Tikuthokoza a Swadick okonza njinga, sanatibwezepo. Tikuthokoza mayi Mwanamvua poyenda mtunda wonse uja kudzatiuza zoona pamaso. Tikuthokoza amayi anga chifukwa cha dzina ndi mpunga. Koma makamaka inu achimwene. Chifukwa cha inu achimwene, a Jeremiya mvula siwadonthera, ine ndinapita ku Fomu 2 ndi nsapato zanga osati zosiyiridwa, ndipo amayi ambiri anadziwa kuti ana awo ku Joni sanawaiwale. Palibe pano amene akukusekani, tikungoseka chimkuzamawu.

A Odi Pakhomo, mwapalasa mokwanira, gonani bwino mu mtendere.

Basi inathera pomwepo. Amayi akuti astaghfirullah mwana iwe, koma akusekera m'chitenje. Kenako windo linatseguka, achimwene akuti Zakia, za chimkuzamawu ukanasiya. Anthu kufa nako kuseka! Anatuluka, anasamba m'manja, anadya limodzi ndi anyamata mpaka kuwonjezera. Koma za Joni sananene kanthu, ndipo lero m'mawa atuluka osatsanzika. Amayi akuti apita kukagula tikiti, ine m'kalasi sindinamve chilichonse. Nde ndamufunsa Esime, uja amagulitsa tomato ndi mayi ake, ngati wawaona akupita ku depoti. Tamva zomwe wandiyankha pompano:

"Depoti yachani iwe, achimwene akowo ali pamsika pano akugula matumba akale a makala, ati katundu azibisamo kkkk. Akuti ndikuuze ukaweruka usazengereze, ubwere ndi foni yako ili ndi moto."