Thiranki ya Malaiti

Ba Festus atachotsedwa ntchito ku Lusaka anabwerera kumudzi ku Chinyunyu ndi nzeru za m'tauni: thiranki yodzaza shuga, mchere, kapenta ndi makandulo, yotsegula pokhapokha malaiti akazima. Koma abale, mudzi wonsewo unalibe ngakhale pholo limodzi la malaiti. Tsopano mvula inali itagwa masiku atatu, mtsinje utadzaza, ndipo pakhonde panali ba Phinias, amene mwana wawo wamkazi ankafunsiridwa ndi Donald, mwana wa ba Festus. Mlendo wotere sapatsidwa tiyi wopanda shuga.

"Amake Donald, tsegulani thiranki," ananong'ona ba Festus.

"Malaiti azima?" anafunsa mkazi wawo, ba Mailesi, osasiya kupukuta makapu.

"Mukuona malaiti pano?"

"Sindikuwaona. Ndiye azima bwanji asanabwere?"

"Iyayi, ine ndinkatanthauza nthawi ya mavuto."

"Simunatero. Munaimirira pomwe mwaimapo, chala m'mwamba. Munati ngakhale inuyo mutalira misozi ndisatsegule."

"Sindikulira."

"Ndiye kudakali kutali."

Ba Festus anasuzumira pakhonde, n'kusekerera mlendo ndi mano onse, n'kubwerera nkhope itagwa. Munthuyu kunena kuti ndinalakwa sanazolowere chibadwire. Anatenga tochi, kuyatsa, kuzimitsa.

"Mwaona? Azima."

"Amenewo ndi mabatire."

"Nanga mphezi ija yang'anima manje manje? Yayaka, yazima."

"Ya Mulungu imeneyo. Inu munanena a boma."

"Mayi inu, mukufuna ukwati wa mwana ufere pa supuni ya shuga? Akakanena kwawo kuti kuno timamwa madzi otentha?"

"Manyazi ndili nawo kuposa inu. Koma mawu a mwamuna wanga sindiwaphwanya. Achotseni nokha."

Pakhonde ba Phinias anatsokomola, chitsokomolo chija cha munthu amene wamva makapu koma sakuona tiyi. Ba Festus anayang'ana kudenga komwe kunkadontha.

"Chabwino. Lamulo lija lapita ku tchuthi lero lokha. Bweretsani kiyi."

"Siili pano."

"Ili kuti?"

"Munati ndiibise komwe inu simungafike mukagwidwa ndi nkhuli. Ndinakasiya kwa achemwali, kutsidya kwa mtsinje."

Ba Festus anasuzumira pawindo, kuyang'ana mtsinje wodzaza uja. Ba Mailesi anawamvera chisoni ndithu, anapita kuseri kwa chitseko n'kubwera ndi nkhwangwa.

"Poti lamulo lili pa tchuthi, patukani. Kamodzi kokha pa loko, mlendo amwa tiyi."

"Nkhwangwa? Pa thiranki imene ndinapatsidwa nditagwira ntchito zaka makumi awiri?"

"Nanga ukwati wa mwana?"

Ba Festus anayang'ana nkhwangwa, anayang'ana kukhonde. Kenako anakhala pa thiranki paja, phwii, n'kupinda manja.

"Amake Donald, mukuthamangira chiyani? Malaiti azima kodi?"