Duku la Maliro pa Ayezi

Loweruka ku msika wa ku Canning Vale ku Australia, pamzere wa tomato wosasuntha ngati wakhomedwa, bambo wina anayamba kufunsa mayi wovala zakuda zinthu zosamukhudza.

"Pepani mayi, mwavala zakuda koma kumutu kulibe duku. Mwaiwala?"

"Sindinaiwale. Ndinaliponya pa ayezi."

"Pa ayezi?"

"Mwana wanga Flywell amasewera hoke, aja masewera a ndodo otsetsereka pa ayezi. Amasewera pakati, ndipo chaka chino palibe wagoletsa zigoli zambiri kumposa. Sabata yatha ndinapita koyamba kukamuonera. Atagoletsa chachitatu, azungu anayamba kumugenda ndi zipewa!"

"Aa! Chipongwe chanji chimenecho!"

"Inenso ndinatero. Ndinaimirira n'kuwakalipira m'Chichewa bwalo lonse. Mayi wina pambali panga ndiye anandigwira mkono, akuti munthu akagoletsa zitatu amamuponyera zipewa pomulemekeza."

"Ndiye inu n'kuvula duku la maliro chaka chisanathe? Kwawo kwa amuna anu akamva adzati chiyani?"

"Amva kale, mlamu wanga anaona pa foni. Akuti ndanyoza malemu. Ndinamuyankha kuti malemuwo ndi amene ankadzuka m'bandakucha kupititsa mwanayu kokaphunzira masewerawa, inu mukuliza mkonono ku Kasungu. Akanakhalapo akanaponya chipewa chawo. Ndinawaponyera ine."

"Komabe mayi, duku..."

"Pa zipewa zonse zija, Flywell anatola duku lokhalo n'kulimanga pamkono. Mawa asewera nalo. Sunthani bambo, mzere wakusiyani."