Singano Yanga ya pa Phula

Zaka zija nkhondo ya Jeremani itangotha, ku Katete kulibe sitolo ngakhale imodzi, ine ndinali ndi singano imodzi yokha, ndipo musaseke inu amene mumagula masingano m'kapepala n'kumagwetsa osatola, chifukwa yangayo ndinaipeza nditatong'ola chimanga cha ku mishoni mpaka zala kutupa. Ndinkaisunga m'kabango, kabangoko n'kutsomeka kudenga. Iwe Tisa, makutu kuno koma manja azigwira ntchito, nsawazo sizidzisenda zokha.

Agogo anu a Zakeyo anali mkamwini m'mudzi mwathu, chakufupi ndi Mkaika. Ukalipentala anaphunzira kwa amishoni, ndipo kuseri kwa nyumba anadzipangira makina obowolera matabwa, opondera ndi phazi. Anali munthu wouma pakamwa, woti ukamfunsa nkhani akuyankha ndi kutsokomola. Nthawiyo ndinali ndi pakati kachiwiri. Mwana woyamba tinamutaya panjira ya ku chipatala cha amishoni, atandinyamula pa machila akundigwedeza ngati thumba la mapira, ndipo zimenezo m'nyumba mwathu sitinkazitchula.

Tsiku lina ndikuti ndisoke chigamba, m'kabango mulibe kanthu. Ndinasesa nyumba yonse, dothi lomwe ndinalipeta. Nditazungulira kuseri ndinaona zimene mpaka lero zimandiimitsa tsitsi. Singano yanga aizika pa phula la njuchi, phulalo alimata kunsonga kwa chitsulo cha makina, iwo akuponda, singano ikuvina mozungulira ngati yagwidwa mizimu, ndipo pansi pake pali chipika cha mlombwa chojambulidwa mtanda ndi mpeni.

Singano ya mkazi wapakati, phula, ndi mtanda, inu mukanaganiza chiyani? Lero mumati n'zachikale, koma nthawi ija ndi mwana yemwe ankadziwa kuti zotere n'zomangira munthu. Ndinathamanga ndi mimba yangayo kwa atsibweni anga, amene analinso ankhoswe athu, ndipo anabwera ndi amayi.

"Akamwini, ichi n'chiyani?" anatero atsibweni.

"Ndikufuna pakati," anayankha a Zakeyo. "Chipikachi n'cha pakati pa gudumu. Bowo likaphonya pang'ono, gudumu limatsimphina. Diso limanama, singano sinama."

Anapondanso. Singano inayamba kuvina kwake kuja, iwo n'kuikankha pang'onopang'ono ndi chikhadabo, bwalo lake likucheperachepera, mpaka inaima njii, chonsecho makina akulira ndipo chitsulo chikuzungulirabe. Amayi anabwerera chambuyo mpaka kugunda nkhokwe. Ine pakamwa panangoti yasaa. Chinthu chozungulira n'kuima ngati chakufa, ndinali ndisanaonepo. Kenaka anasuntha chipika chija mpaka mtanda unakhala pansi penipeni pa nsonga ya singano, nati pamenepo akachotsa phula n'kuikapo chobowolera, bowo ligwera pakati. Masiku ano mdzukulu wanga wa ku galaja amati pali kachitsulo kogula kochita ntchito yomweyo, koma kalelo zinali phula ndi singano ya mkazi wako.

Atsibweni sanagonje. "Chabwino, tamva. Nanga gudumulo n'la chiyani? Ng'ombe mulibe, ngolo mulibe."

A Zakeyo anandiyang'ana, kenaka anayang'ana pansi. "Sindingatchule."

"Ndiye bwezani singano, apo ayi mangani katundu wanu."

Ine ndinatambasula dzanja, mtima uli m'malo kuti nkhani yatha. Koma bambo aja anamasula makina awo, anamanga m'mitolo, ndipo singano yanga anaibaya pa kolala ya malaya n'kuuyamba ulendo wa kwawo kutsidya kwa dambo, ati makina akasuntha pakati pamafunidwanso. Ana inu, munthu kusankha singano kusiya mkazi. Ndinalira ndi ukali, osati chisoni, ndipo ndinalumbira kuti phazi lawo lisadzapondenso pakhomo panga.

Nthawi yanga itakwana zinthu zinavutanso. Dzuwa linalowa, linatuluka, mwana osabwera, ndipo azamba anayamba kunong'onezana kuti singano ija ndiyo yatseka njira. Ine ndinakhulupirira. Za machila sindinkafuna n'kumva komwe, ndinati bola ndifere pamphasa panga.

Dzuwa litakwera tinamva munthu akutsokomola chapatali, pajatu mwamuna safika pa nyumba imene muli azamba. Amayi atasuzumira anangogwira pakamwa. Panja panali galeta la gudumu limodzi lokulungidwa chikopa cha ng'ombe, pamwamba mpando wa nsungwi woyalidwa udzu, mitengo yogwirira kutsogolo ndi kumbuyo, lopapatiza bwino loti n'kudutsa m'kanjira ka kumunda. A Zakeyo anali ataona kuchokera kutsidya kuti azamba alowa koma sakutuluka.

Anandikweza ndikutukwana. Iwo anagwira kutsogolo, ndipo kumbuyo, poti panalibe mwamuna wina pafupi, anagwira atsibweni omwe aja anawathamangitsa. Ndinakukuta mano kudikira kugwedezeka kuja kwa pa machila, koma ayi ndithu, gudumu linkangoyenda myaa, osadumpha, osapendama, moti pokhapokha pa mizu ndi pamiyala m'pamene ndinkadziwa kuti tili paulendo. Ndinadabwa mpaka kuiwala kutukwana.

Tili pakati pa njira ndinamva atsibweni akufunsa uku akupuma wefuwefu, "Akamwini, bwanji simunanene tsiku lija?"

"Sagula mbereko mwana asanabadwe," anayankha osacheuka. "Woyamba uja tinamutchula kwambiri."

Tinapitiriza ulendo mpaka tinafika ku chipatala cha amishoni chija. Mwana amene anabadwa kumeneko ndi abambo ako iwe Tisa, aja amakukalipira ukachedwa kumjigo.

Tikubwerera, a Zakeyo anazula singano pa kolala n'kundipatsa, phula likadali pa diso lake. Musaganize kuti ndinapepesa, singanoyo inali yanga, ndipo mpaka tsiku limene tinawaika ndinkawauza kuti munthu amapempha. Iwo ankangotsokomola.

Ndiye inu amene mukuyamba mabanja, akulu anati safunsa anadya phula, ndipo n'zoona, muzifunsa. Koma mukafunsa mnzanu n'kukhala chete, musathamangire kwa ankhoswe ngati ine, yambani mwaona chimene manja ake akupanga, pakuti ena mantha awo amawanena ndi ntchito. Phula lija ndinalikolokosa ndi kaminga, ndipo chinthu choyamba chimene ndinasoka ndi singano ija chinali mbereko, mwana ali pamiyendo panga akuyamwa.